Mwabvi wa ku Kanengo

Levi Mkandawire ndiye ankasunga makiyi a nyumba yosungiramo katundu pa kampani ina ya ku Kanengo, yogulitsa mapampu a madzi ndi zipangizo za ulimi wothirira. Ankakhala ku Area 25, m'nyumba ya lendi, pamodzi ndi mkazi wake Temwa ndi ana awo awiri. Levi ankamutchula mkazi wakeyo kuti NyaGondwe, monga amachitira kwawo ku Rumphi. Kutchalitchi Levi anali mkulu wa mpingo. Sanali munthu wolankhulalankhula, ndipo anzake a kuntchito ankamuseka kuti ngakhale moni amachita kumupima asanamupereke.

M'chaka cha 1996, mvula itangosiya, mapampu anayamba kusowa. Loko anali wosathyoledwa, denga losaboola, koma pamene panali mabokosi pankapezeka fumbi lokha. Apolisi anabwera, anafunsa aliyense, ndipo sanapeze kanthu. Kenaka bwana wamkulu anasonkhanitsa antchito pabwalo n'kuwauza kuti waitana munthu wa ku Joni amene ali ndi makina odziwa bodza. Onse okhudzana ndi nyumba ya katundu adzayesedwa. Wokana kuyesedwa ndiye kuti wadziulula yekha.

Masana amenewo, pansi pa mtengo wa mango wa kunja kwa geti pamene antchito ankadyera, panalibe nkhani ina. Amene ankalankhula kwambiri anali Lucious Namate, mnyamata wa ku Mulanje woyendetsa folokolifiti, yemwe mkulu wake anagwirapo ntchito ku Joni.

"Makinawo sadziwa bodza ayi," anatero Lucious. "Achimwene anga anakumana nawo kumeneko. Amangomva mmene mtima ukugundira, mmene ukupumira, ndi thukuta la m'zala. Basi. Amayamba akufunsa zaziii, dzina lako, kwanu, kaya lero ndi lachingati. Kenaka amalowa pa nkhani yeniyeni. Mtima ukadumpha kwambiri pa nkhani yeniyeniyo kuposa pa zinazo, wagwa."

"Nanga munthu n'kupulumuka bwanji?" anafunsa mlonda wina wachikulire.

"Kapini, madala. Kaja timakhomera mapepala pa bolodi. Umakaika m'nsapato, pansi pa chala chachikulu. Akamakufunsa zopanda vutozo iwe umaponda, mtima umadumpha ndi ululu. Akafika pa mapampu usaponde. Ndiye makinawo amaona ngati pa mapampupo m'pamene mtima wako wakhala pansi."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Wina anati iye akagula mapiritsi ogonetsa kumsika wa m'tauni. Wina anati wamva kuti ndimu ukapaka m'zala thukuta silituluka. Mlonda uja anati iye zachizunguzo sazidziwa, apita ku Mgona kwa sing'anga akamupatse muzu woika pansi pa lilime.

Levi anali atakhala pamphepete, akudya chinangwa chophika chimene Temwa anamukulungira. Lucious anamutembenukira.

"Nanga inu, a Mkandawire? Makiyi ali ndi inu. Oyamba kuyang'anidwa ndinu."

"Ine sindinabe," anatero Levi. "Ndiponderenji pini?"

"Inenso sindinabe, akulu. Koma mwabvi kale sunkapha mfiti zokha. Unkaphanso wa m'mimba mofooka."

Levi anapinda pepala la chinangwa chija bwinobwino, analiika m'thumba, nabwerera ku ntchito belu lisanalire.

Atafika kunyumba madzulo anapeza Temwa akuanula zovala. Anamufotokozera zonse, ndipo atafika pa mawu akuti makinawo amawamangirira pathupi ndi mawaya, Temwa anaima, shati lili m'manja.

"Mawaya?"

"Akutero. Pa zala."

Temwa ankadziwa chimene anthu a ku Kanengo sankachidziwa. Zaka zinayi m'mbuyomo, dziko lidakali la chipani chimodzi, Levi analankhula mawu ena m'minibasi okhudza matipate, ndipo munthu wina amene anakhala kumbuyo kwake anakamunenera. Anthu a boma anamutenga masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa ana. Anabwerako patapita miyezi, ataonda, akutsimphina. Zimene anamuchita kumeneko sananenepo mwatsatanetsatane ngakhale kwa mkazi wake. Temwa ankangoona zipsera zakuda za pa zala zake, ndiponso kuti chiyambire nthawi imeneyo Levi sankakhudza waya wa wayilesi, ngakhale wa ayironi. Babu ikapsa, amene ankasintha anali Temwa.

"Mukawauze," anatero Temwa. "Musanakhale pampando mukawauze zimene zinakuchitikirani."

"Ndikawauze kuti chiyani, NyaGondwe? Kuti ndinamangidwapo? Kwa bwana, womangidwa ndi womangidwa. Safunsa kuti unamangidwiranji."

"Nthawi inasintha. Tsopano anthu akuchita kunyadira nazo."

"Akunyadira amene ali ndi magalimoto. Ine ndili ndi makiyi a eni ake." Analowa m'nyumba, ndipo ali pakhomo anawonjezera kuti, "Choonadi sichiopa makina."

Tsiku loyesedwa anawaika pa benchi kunja kwa kaofesi kena kamene makatani ake anali otseka. Ankalowa mmodzimmodzi. Mlonda uja anatuluka akutafuna kena kake. Lucious anatuluka akumwetulira, ngakhale ankaponda mosamala ndi phazi lamanja. Levi analowa cha kumasana.

M'katimo munali mzungu wamtali wovala kabudula, dzina lake Alexander, ndi Maureen Chikopa, mayi wa mu ofesi yoona za antchito, amene ankamasulira. Patebulo panali bokosi ngati sutikesi yotsegula. Kuchokera m'bokosimo munkatuluka pepala lalitali loyenda pang'onopang'ono, ndipo timasingano tinayi tinkalemba mizere pamwamba pake. Mpando wa woyesedwa unayang'ana kukhoma.

"Khalani apo, Abambo," anatero Maureen. "Sizipweteka."

Alexander anamumanga lamba pachifuwa, wina pamimba. Pamkono anamukulunga chinsalu chopopa chonga chija amayezera kuthamanga kwa magazi kuchipatala. Mpaka pamenepo Levi anapirira. Koma mzunguyo atagwira dzanja lake lamanzere n'kuyamba kumangirira tizitsulo tiwiri ta mawaya pa zala, Levi anamva m'kamwa mukuuma. Khoma la kutsogolo kwake linali loyera, lopanda chithunzi, lopanda zenera. Mphuno zake zinamva fungo la simenti yonyowa, ngakhale m'ofesimo munali kapeti. Munthu anali ataima kumbuyo kwake, kumene sakanatha kumuona, akukonzekera kufunsa mafunso.

"Muziyankha kuti inde kapena ayi basi," anatero Maureen. "Musagwedezeke. Dzina lanu ndinu Levi Mkandawire?"

"Inde."

"Mumakhala ku Area 25?"

"Inde."

Thukuta linayamba kutsika m'khwapa. Ankamva timasingano tija tikukanda pepala kumbuyo kwake, ndipo pakati pa funso ndi funso pankakhala bata lalitali. Thupi lake linkalidziwa bata limenelo. Kumalo kuja, likatha bata lotere, kunkabwera moto m'zala.

"Pamoyo wanu, munatengapo chinthu chosakhala chanu?"

Levi anaganiza za nzimbe za m'dimba la amalume ake ali mwana. Anazengereza, kenaka anati, "Inde."

"Munatenga mapampu a kampani ino?"

Linali funso limene ankaliyembekezera sabata yonse, ndipo litafika, chifuwa chinamuthina ngati wina wamukhalira. Anafuna kunena kuti ayi momveka bwino, koma mawu anatuluka osasa, ochedwa. 

"Mukudziwa amene anatenga?"

"Ayi."

Mafunso omwewo anawabwereza kangapo, akusintha ndondomeko yake. Pomaliza shati la Levi linali litanyowa ngati wagwa m'madzi. Alexander anang'amba pepala lija, analiyang'ana nthawi yaitali, nalankhula ndi Maureen motsitsa mawu.

"Akuti mizere yanu yasokonekera paliponse," anatero Maureen, osamuyang'ana m'maso, "koma yakwera kwambiri pa funso la mapampu. Akuti akupatsani mwayi wina mawa. Ena onse adutsa, kupatula inu."

Levi anatuluka, koma anadikira pakhonde mpaka Maureen atatuluka naye. Anamupempha kuti aime pang'ono. Kenaka, kwa nthawi yoyamba chibwerere kumalo kuja, anatambasula manja ake pamaso pa munthu wachilendo n'kumuonetsa zipsera. Anafotokoza mwachidule, maso ali pansi. Maureen anamvetsera mpaka pamapeto, ndipo nkhope yake inasintha. Anabwerera m'kaofesi muja. Levi ankamva mawu a Chingerezi kudzera pachitseko. Sipanatenge nthawi.

"Ndawauza, Abambo," anatero Maureen atatuluka. "Akuti kulikonse kumene amapita, aliyense amene wagwa amakhala ndi nkhani yake. Akuti mawa mungopuma bwino."

Kunyumba Temwa anamva zonse ali chikhalire pa mpando wa ndalema, manja ali pamiyendo. Mwana wawo wamkulu, Tisunge, anali atangosankhidwa kumene kupita ku sekondale, ndipo yunifolomu yake yatsopano inali itapachikidwa kuseri kwa chitseko. Temwa anaiyang'ana, kenaka anayang'ana kalendala ya tchalitchi imene inali pakhoma. Anaimirira, anazula kapini kamene kankagwira kalendalayo, nakaika patebulo patsogolo pa mwamuna wake.

"Ayi," anatero Levi.

"Lucious wadutsa."

"Ndikaponda pini ndiye kuti ndikunama."

"Mukunama chiyani? Munaba? Simunabe. Mulungu akudziwa, ine ndikudziwa. Makinawo ndi amene akunama, ndipo akunamizira inu. Mawa mukakhalanso pampando paja thupi lanu likachita zomwezo, mukudziwa bwino. Ndiye tidzapita kuti ndi anawa?"

"Ndine mkulu wa mpingo, NyaGondwe."

"Ndinunso bambo wa Tisunge."

Levi sanakakhudze kapini kaja madzulo onsewo. Anapemphera ndi banja lake monga mwa masiku onse, koma pemphero lake linali lalifupi. Kutacha, Temwa akusesa panja, Levi anakhala pabedi ndi nsapato yamanja m'manja. Anabaya kapini kaja pansi pa kachikopa ka m'kati, nsonga itayang'ana kumwamba. Kuchokera pa siteji ya minibasi kukafika pageti la kampani anayenda chopondera chidendene, komabe kawiri konse anaiwala, ndipo anamva kutentha kwa magazi m'sokosi.

Chimene sankadziwa n'chakuti dzulo lake madzulo mmodzi wa antchito, atamwa pang'ono, anadzitama za pini pamaso pa dalaivala wa bwana. Levi atangolowa m'kaofesi muja, Alexander analoza pansi nanena mawu ochepa.

"Akuti muvule nsapato," anatero Maureen.

Levi anaima osagwedezeka.

"Abambo, akuti muvule nsapato zonse ziwiri."

Anawerama, anamasula zingwe. Sokosi ya kumanja inali ndi banga lofiira pa chala chachikulu. Alexander anatenga nsapatoyo, anaigwedeza, anapisamo dzanja, natulutsa kapini kaja. Anakaika patebulo pambali pa makina. Sanakwiye. Anangotseka sutikesi yake, chifukwa panalibenso choyesa. Maureen anayang'ana kumbali.

Bwana wamkulu sanafune kumva zambiri. Anati munthu wosalakwa sabwera ndi pini m'nsapato. Anati ku polisi sapita nayonso nkhaniyo chifukwa cha zaka zimene Levi wagwira, koma asiye makiyi patebulo ndipo asadzapondenso pamalopo. Kalata yomuchitira umboni kwa olemba ntchito ena anakana kumupatsa. Levi anatuluka pageti anzake akumuyang'ana kuchokera pansi pa mtengo wa mango. Lucious anaimirira ngati akufuna kubwera, koma anakhalanso pansi.

Nkhani inafika ku Area 25 iye asanafike. Inafika itasintha kale: ena ankati makina anachita kulira ngati belu atamugwira, ena ankati m'nsapato munapezeka chithumwa. Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, akulu a mpingo anzake anamuitanira m'kachipinda ka kuseri. Analankhula naye mwaulemu. Anati za mapampu iwo sangaweruze, koma za pini iye mwini wavomera, ndipo chinyengo ndi chinyengo. Anamupempha kuti ayambe wapuma pa udindo wake, ndiponso asayandikire ku mgonero, kufikira nkhaniyo itayera. Levi anafunsa kuti idzayera bwanji, ndipo ndani adzaiyeretse. Mmodzi wa iwo anangotseka ndi pemphero.

Anayenda Kanengo yense kufuna ntchito. Makampani a kumeneko ndi oyandikana, ndipo alonda a m'mageti amadziwana. Kwina ankamubweza pageti pomwepo. Kwina ankamulola kulowa, n'kumufunsa chimene anachokera kumene anali, ndipo iye sankatha kunama. Ankafotokoza, ndipo ankaona nkhope ya womufunsayo ikutsekeka asanamalize. Dzinja lisanafike anachoka ku Area 25 n'kukalowa m'chipinda chimodzi ku Mgona, pafupi ndi ngalande. Tisunge anaphunzira teremu imodzi yokha. Temwa anayamba kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ndipo Levi ankaumba njerwa za anthu, nthawi ya fodya n'kumasenza mabelo pa magalimoto.

Pakati pa awiriwa panalowa bata. Sanakanganepo za pini. Temwa ankadikira kuti tsiku lina mwamuna wake amunene, kuti mwina nayenso alire, apepese, zithe. Levi sanamunene. Ankangoti, "Ndinaika ndekha." Mawu amenewa ankamupweteka Temwa kuposa kutukwanidwa.

Tsiku lina Loweruka, chaka chotsatira, Lucious anawapeza. Anachita kufunsira nyumba kwa anthu. Anakhala pa njerwa panja, chipewa chili m'manja, akuyang'ana ngalande.

"Mapampu akusowabe, akulu," anatero. "Chichokereni inu sizinasiye. Mwezi wathawu apitanso ena. Loko watsopano, makiyi ali ndi munthu wina, koma zomwezo."

Temwa anaika pansi beseni limene ananyamula.

"Ndiye kuti aona tsopano," anatero. "Aona kuti sanali iwo."

"N'chifukwa chake ndabwera, mayi. Ndinati mwina akapita akalankhule." Lucious anapotokola chipewa chija. "Ine za pini ndinkafuna kuthandiza. Sindinkadziwa kuti zidzatero."

"Ukudziwa amene akuba?" anafunsa Levi.

"Ndikanadziwa ndikananena. Tonse timangoyang'anana. Amene akubayo anakhala pampando womwe uja, ndipo anadutsa."

Lolemba Levi anavala jekete lake la kutchalitchi, limene tsopano linkamukulira m'mapewa, nayenda wapansi kukafika ku Kanengo. Mlonda wachikulire uja anamulola kudikira mkati mwa geti, pamthunzi. Anadikira mpaka dzuwa linapendeka. Bwana sanatuluke. Amene anatuluka anali Maureen.

"Ndawauza kuti mwabwera, Abambo," anatero. "Ndayesetsa."

"Akuti chiyani?"

Maureen anazengereza. "Akuti kusowa kwa katundu sikukusonyeza kuti inu munalibe mlandu. Akuti mwina munali gulu, inu munachoka, anzanu anatsala. Ndipo akuti akuitananso munthu uja wa makina, adzayese onse kachiwiri."

"Inuyo mukuganiza bwanji, mayi? Munali momwemo. Munaona manja anga."

"Zimene ndikuganiza ine sizilembedwa paliponse," anatero Maureen motsitsa mawu. "Pepani."

Levi anagwedeza mutu, anathokoza, natuluka. Pobwerera sanadutse njira yachidule. Anatsata njanji, akuyenda pang'onopang'ono, kuti akafike kunyumba atapeza mawu omuuza Temwa. Atafika sanafunike kunena kanthu. Temwa anamuona akukhota pa ngalande, anaona mmene jekete analinyamulira pamkono, nabwerera m'nyumba.

Mvula ya chaka chimenecho inagwetsa khoma limodzi la chipinda chawo, ndipo mwana wamng'ono anadwala m'mimba kawiri motsatizana. Abale a Temwa anatumiza uthenga kuti kumudzi kuli munda wa malemu bambo ake umene ukungomera thengo. Anakambirana mwachidule. Temwa apite ndi ana akalime. Levi atsale, chifukwa kubwerera ku Rumphi ndi dzina la wakuba sakanatha, ndiponso ankati mwina tsiku lina wakubayo adzagwidwa, ndipo iye ayenera kudzakhala pafupi kuti adzamve.

Anawaperekeza ku depoti m'mawa. Basi ya ku Mzuzu inali itadzaza kale, anthu akukankhana pakhomo, matumba akuponyedwa pamwamba. Levi anakweza mtolo wa ziwiya ndi matiresi, naonetsetsa kuti amanga bwino. Tisunge anamugwira dzanja, kenaka anakwera ndi mng'ono wake. Temwa anatsalira pansi pang'ono.

"Mukadzamva chilichonse mudzatumize uthenga," anatero.

"Ndidzatumiza."

"Muzidya, a Mkandawire."

"Ndizidya. Kwerani, malo angathe."

Temwa anapeza malo kumbali ina ya basi, kumene Levi sakanatha kumuona. Iye anaimabe pomwepo, pakati pa ogulitsa mazira ndi mabanzi, mpaka basi inatuluka pageti n'kukhotera ku mlatho. Kondakitala wa minibasi ya ku Kanengo anamukoka mkono, akukuwa kuti malo alipo awiri. Levi anapukusa mutu. Anawoloka msewu, nayamba ulendo wa ku Mgona wapansi, pakuti kunalibe amene ankamudikira kumeneko.